Nyumba ya Makoma Ochepa: Kakonzedwe ka Malo Otakasuka Otha Kusintha Banja Likamakula

Khoma la m'kati mwa nyumba limagwira ntchito zingapo nthawi imodzi, ndipo zambiri sizioneka ndi maso. Limanyamula denga, kapena limagwiriziza makoma akunja kuti asapendeke. Limatchinga phokoso, fungo ndi utsi. Limabisa mbale zosatsuka ndi zidole za ana. M'kati mwake mumadutsa nthambo za magetsi ndi mapaipi, ndipo makabati amatsamira pomwepo. Mukalifufuta pa pulani kuti khitchini, podyera ndi pabalaza zikhale malo amodzi, ntchito zonsezi zimatsala zopanda mwini. Mukaona nyumba yotakasuka yomwe eni ake ayambanso kuidula ndi makatani ndi makabati chaka chisanathe, dziwani kuti vuto linayambira pamenepa. Choncho pa khoma lililonse lomwe mukuchotsa, funsani kuti ntchito zake zija mukuzipereka kwa chiyani.

Yambani ndi zomwe sizidzasunthika

Pali zinthu zitatu zomwe mukaziika mwaziika: zonyamula nyumba, malo a madzi, ndi mazenera. Zina zonse zikhoza kudzasintha. Maganizo amenewa si a lero. Mu 1914 katswiri wojambula mapulani a nyumba, Le Corbusier, anajambula pulani yomwe anaitcha Dom-Ino, ya nsanamira za konkire ndi masilabu basi, kuti makoma a m'kati aziikidwa paliponse pomwe mwini wafuna. Mu 1924, mumzinda wa Utrecht ku Netherlands, Gerrit Rietveld anamangira nyumba mayi Truus Schröder ndi ana awo atatu. Chipinda cham'mwamba cha nyumbayo masana chimakhala chimodzi, usiku amakoka zipupa zoyenda n'kupezeka zipinda zogona. Mayiwo anakhalamo mpaka 1985. Chomwe chinatheketsa zimenezi n'chakuti masitepe, bafa ndi mapaipi zinali ndi malo ake okhazikika, zipupazo zikungoyenda mozizungulira.

Jambulani pulani yanu pa mizere yotalikirana mamita 1.2. Mabodi ambiri, a siling'i, a plywood ndi a gypsum, amabwera a mamita 1.2 kwa 2.4, ndipo makabati a m'khitchini amayendera masentimita 60. Mukatsata muyeso umenewu, mmisiri sadula zidutswa zambiri, komanso mizere ya matailosi, zitseko za makabati ndi mazenera imakumana. Nyumba yooneka yodekha imachokera pa kukumana kwa mizere kumeneku, osati pa penti woyera.

Tengani chitsanzo cha banja la anthu asanu, nyumba ya mamita 13.2 m'litali ndi 8.4 m'lifupi, pafupifupi masikweya mita 110. Igaweni patatu. Mbali imodzi, ya mamita 4.8 kwa 8.4, ndiye malo otakasuka aja, okhala ndi mazenera kutsogolo ndi kumbuyo. Pakati pakhale kagawo ka mamita 2.4 ka bafa, chimbudzi, pochapira ndi kachipinda kosungira katundu. Mamita 6 otsalawo ndi a zipinda zogona, ndi kolido ya mamita 1.2 pakati pake. Miyesoyi ndi ya pakati pa khoma mpaka pakati pa khoma linzake, ndiye m'kati mwenimweni muchepako ndi masentimita 15 mpaka 25.

Kagawo ka pakatiko kamagwira ntchito ziwiri. Kamasonkhanitsa mapaipi onse pamodzi, sinki ya m'khitchini n'kukhala kuseri kwa khoma la bafa, moti mapaipi amakhala aafupi ndipo podontha simuvutika kupafufuza. Paipi ya chimbudzi ya mamilimita 110 imafuna kutsetsereka pafupifupi sentimita imodzi pa masentimita 40 mpaka 80 alionse, ndiye ikatalika kwambiri imakukakamizani kukumba mozama kapena kukweza pansi pa nyumba. Kachiwiri, kagawoka kamaima pakati pa phokoso ndi tulo: wina akuonera mpira pabalaza, mwana akugona kuseri kwa makoma awiri ndi bafa.

Chitseko cha chimbudzi chisayang'ane pa malo otakasuka. Chitsegukire mu kolido, ndipo pakati pa kolidoyo ndi pabalaza pakhalenso chitseko. Ambiri amachichotsa chitseko chimenechi pofuna kuti maso azifika patali, koma pa zitseko zonse za m'nyumbamo, chimenechi ndicho chosayenera kusowa.

Chonyamula denga

M'nyumba yosasanja, matrasi a denga (mitengo yolumikizidwa mwa makona atatu yonyamula malata) akhoza kudumpha mamita 8 kapena kuposerapo kuchokera khoma lakunja kufika linzake popanda khoma lapakati, bola akonzedwe ndi wodziwa. Pamenepo makoma onse a m'kati amakhala ongogawa zipinda. Ngati pamwamba pali silabu kapena nyumba ina, nkhani imasintha, chifukwa pamene panali khoma pafunika bimu, mtanda wa konkire kapena wachitsulo wonyamula za pamwamba.

Bimu siikula mofanana ndi mpata womwe ikudumpha. Mukachoka pa mamita 4 kupita pa 6, mphamvu yofuna kuipinda imawonjezeka kawiri ndi kota, ndipo bimu yomweyo ingagwe m'mimba kasanu kuposa poyamba. N'chifukwa chake mpata wa mamita 4 mpaka 5 uli wabwino pa nyumba ya banja: ndi wotakasuka mokwanira koma sudya zitsulo zambiri. Pongoyerekeza, bimu ya konkire imazama pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 12 mpaka 15 a mpatawo, moti pa mamita 4.8 yembekezerani masentimita 32 mpaka 40. Yachitsulo imacheperako, mwina masentimita 25. Manambala awa ndi okuthandizani kuona ngati bimu ikwana pansi pa siling'i. Kukula kwake kwenikweni, zitsulo za m'kati ndi maziko a nsanamira, awerengere ndi injiniya.

Pali zolakwika ziwiri zomwe zimabwerabwera. Choyamba ndi kugwetsa khoma lonse mpaka kukafika pa khoma lakunja. Khoma lalitali la njerwa limadalira makoma opingasa kuti lisagwedezeke ndi mphepo kapena kukankhidwa ndi denga. Siyani kachidutswa ka masentimita osachepera 60 mbali iliyonse, kapena ikani nsanamira ya konkire. Kachidutswako sikaononga maonekedwe: kuya kwake n'kofanana ndi kabati, ndiye kabati ikatsamira pamenepo kamabisika. Chachiwiri ndi kuchotsa msanga mitengo yochirikiza bimu. Konkire imafika pa mphamvu yomwe anaiwerengera pakatha masiku 28, ndipo zochirikiza bimu zimayenera kukhala milungu iwiri kapena itatu. Mukafulumira, bimu imagwa m'mimba pang'ono, mng'alu n'kutulukira pa siling'i, ndipo chitseko choyenda chomwe mudzapachike pamenepo chizidzakwecha pansi.

Siling'i ya mamita 2.4 imakwanira m'chipinda chogona, koma pa malo a masikweya mita 40 imaoneka ngati ikukupanikizani. Ikwezeni ifike 2.7 kapena 3.

Kuyala khitchini, podyera ndi pabalaza

Malo amodzi opanda khoma amafunabe malire, kungoti malirewo amaikidwa ndi mipando, kapeti ndi nyale. Musanaganize za mipando, jambulani kaye njira: kuchokera pa khomo lolowera kupita ku kolido, kuchokera ku khitchini kupita kunja. Njira idutse m'mbali, mita imodzi m'lifupi, isadule pakati pa sofa ndi TV kapena kuseri kwa munthu amene akuphika. Zitseko zikayang'anizana pa ngodya ndi ngodya, njira imadula chipinda chonse mopingasa ndipo pamasowa poika chilichonse.

Khitchini itsamire khoma la kagawo ka madzi kaja. Pa mamita 3.6 pamakwana kabati yaitali ya masentimita 60, firiji 60, sinki 60, pokonzera zakudya 90, kuka (chitofu chophikira) 60, ndi masentimita 30 oikapo poto wotentha. Malo a masentimita 90 a pakati pa sinki ndi kukawo ndiwo amagwira ntchito kwambiri, musawachepetse. Pamwamba pa makabati apansi pakhale masentimita 90 kuchokera pansi.

Tsono werengani m'lifupi. Makabati atenga masentimita 60, poimirira wophika 110, tebulo 90, pokokera mpando 90, njira 110. Zonse pamodzi mamita 4.6, ndipo malo atha. Apa zikuonekeratu kuti m'chipinda cha mamita 4.8 simungakwane kauntala yapakati komanso tebulo lodyera moyandikana. Sankhani chimodzi. Kwa banja la ana aang'ono, tebulo lolimba la masentimita 90 kwa 200 limaposa kauntala: pamakhala anthu 6 momasuka, aliyense masentimita 60, ana amalembapo za kusukulu, ndipo tsiku la alendo ambiri mumalisuntha. Kauntala yokhala ndi sinki kapena kuka imakhomerera khitchini pamalo amodzi mpaka kalekale, zomwe zikutsutsana ndi cholinga chonse.

Khitchini yoonekera pabalaza imafuna kobisa zosaoneka bwino. Kachipinda ka mamita 1.5 mpaka 1.8 m'lifupi, m'kagawo ka pakati kaja, kokhala ndi mashelefu, masoketi awiri ndi kasinki ngati n'kotheka, kamalandira miphika yosatsuka, zida zamagetsi ndi zakudya zosunga. Popanda kachipindaka, zonsezi zimathera pamwamba pa kauntala.

Fungo limafuna fani yokokera utsi yotulutsira kunja. Ikhale masentimita 65 mpaka 75 pamwamba pa kuka, m'lifupi isachepere kukayo, paipi yake ikhale ya masentimita 15, yaifupi, yosakhota kwambiri. Fani zongosefa mpweya n'kuubwezera m'nyumba zimachepetsako mafuta koma nthunzi imatsala, n'kukathera mu sofa ndi m'makatani. Mverani kulira kwa faniyo musanagule. Yosokosa palibe amaiyatsa anthu akamacheza.

Phokoso

Nkhani iyi anthu amaiiwala mpaka tsiku lolowa. Matailosi, pulasitala ndi galasi zimabweza pafupifupi mawu onse omwe zalandira. Chipinda cha mamita 4.8 kwa 8.4, siling'i 2.7, chikakhala chopanda kanthu, mawu amazungulira masekondi atatu kapena kuposerapo asanazime. Munthu akayankhula mumamveka ngati mumgolo, supuni ikagwa m'khitchini wa pa sofa amadzidzimuka, ndipo aliyense amayamba kukweza mawu kuti amveke. Pochezera pabwino mawu amayenera kuzima pakatha theka la sekondi kapena kupitirirako pang'ono.

Kapeti yokha siithetsa vutoli, ngakhale ambiri amathamangira kumeneko. Kapeti yokhuthala ya mamita 2 kwa 3 imameza mawu ochepa chabe poyerekeza ndi kukula kwa chipindacho. Makatani olemera, opindikapindika, ochokera ku siling'i kufika pansi pa khoma lonse la mamita 4.8, amameza pafupifupi katatu kuposa kapetiyo. Mukaphatikiza kapeti, makatani ndi sofa yansalu, mutsika kufika pa sekondi imodzi. Chotsalacho chimachokera ku siling'i: masikweya mita 15 a mabodi obooka timabowo, kapena timatabwa tosiya mipata, kuseri kwake mutayala ubweya wagalasi kapena wamiyala (chofunda chomeza mawu chooneka ngati thonje) wa masentimita 5, amakufikitsani pafupi ndi masekondi 0.6. Ikani gawo limeneli pamwamba pa tebulo ndi khitchini, komwe phokoso limabadwira. Siling'i ndi malo okhawo aakulu omwe mwana safikapo ndi zala, ndipo siidya malo oyendamo.

Makina ochapira akhale kuseri kwa chitseko, osati m'khitchini yotsegukayi.

Zipupa ndi zitseko zoyenda

Nyumba zachikhalidwe za ku Japan zakhala zikuchita zimenezi kwa zaka mazana: zitseko zoyenda zotchedwa fusuma zimagawa kapena kuphatikiza zipinda, ndipo zogonera zimalowa m'kabati ya m'khoma kukacha. Chotengapo n'chakuti chipinda chimasintha ntchito pokhapokha katundu wa ntchito inayo ali ndi kopita. Mu pulani yathu ija, mamita 3 akumapeto kwa pabalaza akhoza kutsekeka ndi zitseko zoyenda zinayi, chilichonse cha mamita 1.2 m'lifupi, n'kukhala chipinda cha mlendo, cha wodwala kapena chogwiriramo ntchito. Pafunika zenera lake, soketi zake, switchi yake, ndi kabati ya masentimita 60 yolowamo matiresi opinda ndi zofunda.

Zitsekozo zilendewere ku njanji yam'mwamba, pansi pakhale kachitsulo kongoziwongolera. Njanji yapansi imadzaza fumbi ndi timiyala, mateyala ake n'kuyamba kulimba, komanso imapunthwitsa. Njanji yam'mwamba imangiriridwe ku bimu kapena ku thabwa lolimba, osati ku bodi ya siling'i. Chitseko cha thabwa lokhalokha cha masentimita 4, chofika ku siling'i, chikhoza kulemera makilogalamu 60 kapena kuposa, ndiye gulani njanji yolembedwa kulemera kopitirira pamenepo. Sankhani zopachikira zokhala ndi bawuti yokwezera ndi kutsitsira, chifukwa bimu ya konkire imapitiriza kutsika pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo mudzafuna kukweza chitseko ndi mamilimita angapo. Siyani kachigawo ka siling'i kotsegula ndi sikuluwu kuti njanjiyo izifikirika. Pomwe pali ana, ikani zogwira zomwe zimachititsa chitseko kutseka mwapang'onopang'ono. Chitseko cholemera chonchi chikapana chala, sichisiya bwino.

Chitseko cholowa m'kati mwa khoma chimabisika bwino, koma khoma la pamenepo ndi lamphako. Simungadutsitsemo nthambo, simungakhomepo shelefu, ndipo msomali wa chithunzi ukapyola umakanda chitseko nthawi iliyonse mukachikoka.

Musayembekezere zambiri pa nkhani ya mawu. Chitseko choyenda chimatchinga maso, koma mawu amadutsa m'mipata ya pansi, m'mbali ndi pamwamba. Timaburashi ta m'mphepete timathandizako pang'ono. Chipinda chogona cha tsiku ndi tsiku chimafuna khoma lenileni ndi chitseko cha mahinjesi chokhuthala, chokhala ndi labala m'felemu. Pomwe mukungofuna kubisa, monga malo ogwirira ntchito kapena a zidole, katani yolemera yoyenda pa njanji ya ku siling'i imakwanira, ndipo imamezanso phokoso.

Kosungira katundu

Nyumba yopanda zambiri si nyumba ya anthu opanda katundu. Banja la ana lili ndi zikwama, nsapato, mabuku, zofunda, tsache, chidebe, makwerero, zida zokonzera zinthu. Zikasowa malo, zimangoti mbwee pomwe maso onse akuona, chifukwa kulibenso chipinda chokankhirako. Patulani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a pansi pa nyumba kuti likhale la makabati, ndipo musalingalire m'mutu: yendani m'nyumba yomwe mukukhala pano ndi tepi, muyese mamita a mahang'ala, a mashelefu a mabuku, a ziwiya, kenako muwonjezere gawo limodzi mwa magawo asanu.

Kuya kwa kabati kutsate zomwe zilowemo. Zovala zopachika zimafuna masentimita 60, nsapato 35, mabuku 25 mpaka 30, mbale 35. Shelefu yozama kwambiri imameza zinthu, zakumbuyo n'kuiwalika mpaka mutagula zina. Shelefu ya bodi ya mamilimita 18 yonyamula mabuku isapitirire masentimita 80 popanda chochirikiza, apo ayi imapindika.

Sonkhanitsani makabatiwo pa khoma limodzi lalitali, kuyambira pansi mpaka ku siling'i. Mukasiya mpata pamwamba, pamakhala fumbi ndi masutikesi. Kabati yotere ikhozanso kulowa m'malo mwa khoma, monga pakati pa chipinda cha makolo ndi kolido, ndipo zovala za m'katimo zimachepetsa phokoso. Kabati iliyonse yaitali imangiriridwe ku khoma, kapena pansi ndi ku siling'i ngati yaima payokha, chifukwa mwana amakwera madirowa.

Pa khomo lolowera pafunika chisamaliro chapadera. Chitseko chikatsegukira pabalaza mwachindunji, aliyense wogogoda amaona nyumba yonse mpaka m'miphika, ndipo nsapato zimaunjikana poyera. Imikani kabati ya mamita 2.1 m'mwamba, mamita 1.2 kapena 1.5 kuchokera pa chitseko, iyang'ane kukhomoko. Mbali iyo ikhale ya nsapato, zikwama ndi makiyi, ndi kabenchi ka masentimita 45. Kuseri kwake kukhale shelefu ya pabalaza. Poti siifika ku siling'i, kuwala ndi mpweya zimadutsa pamwamba.

Kuwala, mpweya ndi kutentha

Kuwala kwa zenera kumalowa m'kati mtunda wa pafupifupi kawiri kapena kawiri ndi theka kutalika kwa mutu wa zeneralo kuchokera pansi pa chipinda. Mutu ukakhala pa mamita 2.1, kuwala kwabwino kumathera pa mamita 4 kapena 5. N'chifukwa chake chipinda cha mamita 8.4 chimafuna mazenera mbali zonse ziwiri, apo ayi pakati pamakhala mdima masana. Kukweza zenera kumapindula kuposa kulitambasula. Mazenera oyang'anizanawo amathandizanso mpweya: wodutsa mbali ndi mbali umayenda bwino mtunda wofika kasanu kutalika kwa siling'i, pamene zenera la mbali imodzi limangotsitsimula mamita 5 kapena 6. Malamulo a zomangamanga m'mayiko ambiri amafuna galasi losachepera gawo limodzi mwa 10 a pansi pa chipinda, ndi potseguka posachepera gawo limodzi mwa 20.

Galasi lochuluka lili ndi mavuto ake. Nyumba ya Farnsworth, yomwe katswiri wojambula nyumba Mies van der Rohe anamaliza mu 1951 ku Plano m'chigawo cha Illinois ku America, ndi yagalasi mbali zonse ndipo imatchuka dziko lonse, koma mwini wake, Dr Edith Farnsworth, anadandaula poyera kuti inali yovuta kukhalamo: yotentha m'chilimwe, yosowa pobisala. Mazenera aakulu ayang'ane kumpoto kapena kum'mwera, komwe dzuwa limakhala pamwamba ndipo denga lotuluka masentimita 60 mpaka 90 limatha kulitchinga. Kumadzulo dzuwa limabwera chopendekera nthawi yomwe nyumba yatentha kale, ndipo denga silithandiza; mbali imeneyo ikani makabati aja ndi tizenera tating'ono. Denga lopanda chotulukira kunja limaoneka bwino pa chithunzi, koma mvula imamenya khoma n'kusiya mizere yakuda pansi pa mazenera.

Galasi lililonse lofika pansi pa masentimita 80, ndi la m'zitseko, likhale lolimbitsidwa kapena la magawo awiri omatidwa, losasweka misongole. Pa chitseko chachikulu chagalasi matani kachizindikiro pa msinkhu wa maso a mwana.

Magetsi ndi moto

Makoma akachepa, masoketi amasowa pokhala. Aikeni onse pa makoma osadzasunthika, awiriawiri pa mamita 2 kapena 3 alionse. Sofa kapena tebulo loima pakati limafuna soketi yapansi, ndipo paipi yake imayalidwa konkire isanathiridwe. Mukaiwala, nthambo idzakwawa pa matailosi zaka zonse. Yalaninso paipi imodzi yopanda kanthu, ya mamilimita 25, yokhala ndi chingwe chokokera, kuchokera pomwe pali TV kukafika m'denga, ya nthambo za m'tsogolo.

Babu limodzi pakati pa siling'i limaphwanya malire onse omwe mwayala. Gawani nyale panayi, gulu lililonse ndi switchi yake: za pansi pa makabati a m'khitchini, yolendewera masentimita 70 mpaka 80 pamwamba pa tebulo, za pabalaza, ndi za m'njira. Mukazimitsa za kukhitchini, khitchiniyo imachoka m'maso. Mababu onse akhale a mtundu umodzi, achikasu pang'ono, olembedwa 2700K kapena 3000K. Mukasakaniza oyera mbuu ndi achikasu m'chipinda chimodzi, penti amaoneka wa mitundu iwiri.

Popanda makoma, utsi wa moto wa m'khitchini umadzaza malo onse mofulumira. Kuka isakhale pafupi ndi njira yochokera ku zipinda zogona kupita panja, ndipo chipinda chogona chilichonse chikhale ndi zenera lomwe munthu wamkulu angatulukirepo. Ngati pali zitsulo zoteteza akuba, chimodzi chikhale chotseguka m'kati. Alamu ya utsi ikhale mu kolido, ina pabalaza, mamita osachepera 3 kuchokera pa kuka kuti isamalire nthawi iliyonse mukakazinga, chifukwa alamu yotero anthu amangoichotsa batire. Pamwamba pa khitchini penipeni ikani yomva kutentha.

Pansi, makoma ndi zomalizira

Sankhani zipangizo zitatu basi, mwachitsanzo pansi potuwa, makoma oyererako, ndi thabwa la mtundu umodzi. Pansi pakhale pamodzi kuyambira pa khomo mpaka ku zipinda, popanda sitepe kapena kusintha kwa matailosi. Matailosi aakulu a masentimita 60 amafuna pansi posalala, posapitirira mamilimita 3 pa mamita 2. Dikirani konkire iume milungu 6, ndi sikilidi (simenti yosalazira pansi) milungu 3, musanamate. Siyani kampata ka mamilimita 6 m'mbali mwa makoma, ndi mzere wa silikoni m'malo mwa girawuti (simenti ya m'mizere ya matailosi) pa mamita 5 kapena 6 alionse, pafupipafupi kuposa apo pomwe dzuwa limawomba. Matailosi akatentha amafutukuka pamene konkire ya pansi pake ikufota. Akasowa kopita amatukuka pakati n'kuphulika mzere wonse. Zimachitika kwambiri m'zipinda zazikulu ngati izi.

Kusowa kwa zokongoletsa kumaonetsa cholakwa chilichonse cha mmisiri. Khoma lalitali loyandikana ndi zenera, kuwala kukamalikwecha cham'mbali, limaonetsa kabampu kalikonse ka pulasitala. Liyeseni ndi thabwa lowongoka la mamita 2 ndi tochi musanapake, ndipo pakani penti wosanyezimira koma wotsukika. Sikating'i, kathabwa ka m'munsi mwa khoma, musaichotse. Popanda iyo chikolopa ndi mapazi a mipando zimadetsa ndi kugumula pansi pa khoma. Yopyapyala, ya masentimita 7, yopakidwa penti wa khomalo, siionekera. Pa makabati, tizitsulo todina kuti chitseko chitseguke timafooka msanga ndipo timatseguka mwana akangotsamira. Kampata kolowetsa zala kosemedwa m'mphepete mwa chitseko kalibe choonongeka.

Musanakumbe maziko, yalani pulani yonse pa malowo ndi zingwe ndi zikhomo, muike makatoni pomwe pakhale tebulo, sofa ndi makabati. Yendani njira zonse mutanyamula beseni la zochapa, wina atakhala pa mpando wa patebulo. Masentimita 30 omwe mungasunthe lero ndi chingwe, mawa adzafuna nyundo.

Chipinda cha ana chodzagawika

Ana aang'ono amagona ndi kusewera limodzi. Akafika zaka 10 kapena 12 aliyense amafuna chitseko chake. Mangani chipinda chimodzi cha mamita 6 kwa 3.6, koma zonse muike ziwiriziwiri kuyambira pachiyambi: mazenera awiri, zitseko ziwiri, nyale ziwiri ndi maswitchi ake, masoketi mbali zonse. Pakati pa mazenerawo siyani khoma la masentimita osachepera 30 pomwe chipupa chidzafikire. Chitseko chachiwiri chikhoza kukhala chokhoma, kabati itaima patsogolo pake. M'denga, pa mzere wa chipupacho, khomani matabwa opingasa pa masentimita 60 alionse, ndipo pansi pa mzerewo pasadutse paipi iliyonse. Jambulani zithunzi za makoma ndi pansi, tepi itayalidwa pambali, pulasitala ndi sikilidi zisanabise nthambo ndi mapaipi, musunge pamodzi ndi pulani.

Nthawi ikakwana, chipupacho chimamangidwa pamwamba pa matailosi omwe alipo. Yalani mzere wa labala kapena felti pansi, m'mbali ndi ku siling'i, kenako mangirirani felemu ya timitanda tachitsulo kapena tathabwa ta masentimita 7, totalikirana masentimita 60. Zibowo za pansi zilowe m'mizere ya girawuti kuti zisadzaoneke chipupa chikadzachoka. Dzazani pakati ndi ubweya wamiyala wa masentimita 5, khomani mabodi a gypsum a mamilimita 12.5, awiri mbali iliyonse ngati mukufuna bata, mizere ya bodi yachiwiri isagwere pa mizere ya yoyamba, ndipo siyani sentimita imodzi pansi kuti bodi isamwe madzi okolopera. Tsekani mipata yonse ya m'mphepete ndi silanti wosauma gwa, chifukwa mawu amapeza kampata kalikonse. M'chipupamo musalowetse soketi kapena nthambo. Ngati pamwamba pa siling'i pali mphako yopitirira zipinda zonse ziwiri, yalani ubweya womwewo pamwamba pa mzerewo, masentimita 60 mbali iliyonse, apo ayi mawu adzalumpha chipupa kudzera m'denga.